Laputopu ikuti ili ndi mavairasi, ndilipire kuti achotsedwe: ndithandizeni

Naphiri: Abale pa gulu pano, ndithandizeni msanga. Laputopu ya kunyumba kuno yatulutsa chikabokosi chofiira chadzaza sikirini yonse, ndipo ikulira mosalekeza. Palembedwa kuti kompyutayi yagwidwa ndi mavairasi 27, zithunzi ndi mapasiwedi zili pangozi. Pansi pali kamzere kobiriwira kakuyenda kokha, akuti kakufufuza. Ikundiuza kuti ndidine batani lakuti Remove Now kenako ndilipire pa khadi, apo ayi ndiimbe nambala ina yakunja, akuti ndi ya Microsoft. Mwana wanga amasaka mapepala a mayeso akale a MSCE, ndiye zangotulukira. Mu laputopumu ndi mmene ndimalemba ngongole za makasitomala anga a zitenje, mulinso zithunzi za ukwati wa achemwali anga. Sindinadine chilichonse. Ndingoithimitsa kapena nditani?

Wokonza_Limbe: Mayi, mwachita bwino kusadina. Nambalayo musaimbe, ndipo nambala ya khadi musailembe paliponse. Yambani mwachotsa intaneti, ngati mukugwiritsa hotspot ya foni ingoithimitsani. Mukatero dinani batani la Esc n'kuligwira osalisiya kwa kanthawi, likakana yesani F11. Mundiuze ngati pamwamba paoneke malo aja olembapo adiresi mu Chrome kapena Edge.

Naphiri: Ndagwira Esc ndipo chachepa. Chili mkati mwa Chrome. Adiresi yake ndi yaitali, zilembo ndi manambala osokonekera, mawu oti microsoft palibepo.

Wokonza_Limbe: Ndiye mtima m'malo, mayi. Chimenecho ndi tsamba chabe la pa intaneti limene lavala zovala za antivairasi. Tsamba la pa intaneti lilibe mphamvu yolowa m'mafayilo anu n'kuwerenga mavairasi. Kamzere kobiriwirako ndi kakanema, aliyense amene wafika pa tsambalo akuona komweko ndi nambala yomweyo, ngakhale kompyuta yake itangotuluka kumene m'katoni. Microsoft yeniyeni siika nambala ya foni pa mauthenga ake ochenjeza, ndipo siimbira munthu kumuuza kuti kompyuta yake yadwala.

Musadine ngakhale ka X kamene kali mkati mwa kabokosiko, chifukwa nthawi zambiri nakonso ndi batani lotsitsa pulogalamu yawo. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, mu Task Manager musankhe Google Chrome, kenako End task. Mukadzatsegulanso Chrome idzakufunsani ngati mukufuna kubwezeretsa masamba amene anali otsegula. Mukane, mukavomera chibwereranso. Pomaliza dinani Ctrl ndi J muone ngati pali fayilo imene yatsika lero inu osadziwa. Ikakhalapo musaitsegule, ifufuteni.

Wophunzira_Mzuzu: Ine ndimangofomata basi. Kompyuta ikangoonetsa zimenezo ndiye kuti zalowa kale. Kungoika Windows yatsopano nkhani yatha.

Wokonza_Limbe: Ayi mng'ono wanga, tisawathamangitsire kumeneko. Mayiwa sanatsitse kanthu, sanatsegule kanthu. Kufomata apa n'kutaya buku la ngongole ndi zithunzi za ukwati popanda chifukwa. Nthawi yofomata ilipo, tifikako, koma si ino.

Phiri wa ku Area 25: Koma tinene chilungamo, ana a masiku ano amalowa malo olakwika pa intaneti. Zimenezi sizimangobwera zokha. A Naphiri mufunseni bwino mnyamatayo.

Malume_IT: A Phiri, apo ndikutsutsani, ndipo ndikupempha a Naphiri asamukalipire mwanayo. Zinthuzi zimabwera kudzera m'malo otsatsa malonda amene ali pa masamba wamba. Mwini tsamba amabwereketsa kadanga ka malonda, akathyali n'kugula kadangako. Mu 2009 zinachitika pa tsamba la nyuzipepala ya New York Times, anthu akuwerenga nkhani bwinobwino n'kungoona kabokosi kowauza kuti ali ndi mavairasi. Ndiye mwana wosaka mapepala a mayeso pa masamba aja odzaza mabatani a Download anayi anayi, angalephere bwanji kugundana nazo? Choopsa n'chakuti mwana akakalipiridwa, ulendo wina zikadzatuluka sadzanena, adzayesa kuzikonza yekha mwakachetechete, ndipo m'pamene adzadine.

Ife amene tinayamba ntchitoyi pa Windows XP tikuidziwa bwino bizinesi imeneyi. Kunali WinFixer, kunali XP Antivirus, kunali Antivirus 2009, mayina amasintha koma chinthu chimodzimodzi. Mu Disembala 2008 bungwe la boma la America loteteza ogula, la FTC, linatengera kukhoti kampani ya Innovative Marketing, imene inali ndi ofesi yaikulu ku Kyiv m'dziko la Ukraine, chifukwa chopusitsa anthu oposa 1 miliyoni kugula mapulogalamu oterewa. Mu 2012 khoti linagamula kuti mmodzi mwa akuluakulu ake alipire madola 163 miliyoni. Ndikunena zimenezi kuti muone kuti si ana osewera. Ndi anthu okhala ndi maofesi ndi antchito, ndipo katundu amene amagulitsa ndi mantha. Amachita ngati sing'anga wonyenga uja amene amayamba n'kukuuza kuti walodzedwa, uli ndi masiku ochepa, kenako mankhwala ali nawo ndi iye yemweyo.

Naphiri: Zikomo malume. Mwanayo ali pompano, ndi amene akundidinira mabataniwa. Chrome tatseka, tatsegulanso, takana kubwezeretsa. Chofiira chija chachoka ndipo palibe fayilo yatsopano imene yatsika. Kodi basi zatha?

Wokonza_Limbe: Kwatsala kutsimikiza. Pa Start lembani Windows Security, mutsegule, mupite pa Virus & threat protection. Muone ngati chitetezo chili choyaka. Bwezeretsani intaneti kuti itenge zatsopano, kenako pa Scan options musankhe Full scan. Imachedwa, ingoisiyani pa chaja. Ikamaliza osapeza kanthu, gonani tulo.

Mphunzitsi_Dedza: Pepani kulowerera, koma langa likufanana ngakhale silofanana kwenikweni. Ine sichidzaza sikirini. Ndi timabokosi ting'onoting'ono timene timatulukira pakona ya kumanja m'munsi, pafupi ndi wotchi. Tina tili ndi chizindikiro cha McAfee, tina Norton, tikuti nthawi ya chitetezo yatha, mavairasi 5 apezeka, dinani apa. Chonsecho mapulogalamu amenewo mulibemo mu kompyuta yanga. Ndapanga Full scan, siikupeza kanthu. Ndikangolumikiza intaneti tayambanso, nthawi zina ndili mkati molemba mayeso a ana.

Wokonza_Limbe: Aphunzitsi, lanu ndi limene ndimalandira kwambiri pa benchi panga masiku ano. Siikupeza kanthu chifukwa mulibe vairasi. Timabokosito sitikuchokera ku makampani amene mwatchulawo, mbava zangoba zizindikiro zawo. Yang'anani bwino kabokosi kamodzi kakatulukanso: penapake, m'tizilembo tating'ono, muona dzina la Chrome kapena Edge ndi adiresi ya tsamba lachilendo. Pali masamba amene amati dinani Allow kuti mutsimikize kuti sindinu loboti, kapena dinani Allow kuti kanema ayambe. Allow ameneyo ndi chilolezo chotumiza mauthenga ku kompyuta yanu nthawi iliyonse.

Mu Chrome pitani pa Settings, Privacy and security, Site settings, Notifications. Pamene pali masamba ololedwa, lililonse limene simukulidziwa mulipange Block. Mu Edge ingolembani notifications pa malo osakira a mu Settings, muzipeza. Ine kwa makasitomala anga ndimatsekeratu kuti masamba asamapemphe n'komwe. Muli komweko onaninso Extensions, timapulogalamu towonjezera mu Chrome kapena Edge, chimene simunaike nokha chichotseni.

Mphunzitsi_Dedza: Ndapezamo masamba angapo a mayina osawerengeka. Ndawatseka onse. Tione mawa.

Banda_Jozi: Ine ndikufuna nditsindike pa nambala ya foni ija, chifukwa apo m'pamene pali maliro. Kuno ku Johannesburg bambo wina wa kutchalitchi kwathu, munthu wamkulu wolemekezeka, anaimba. Anayankha munthu waulemu kwambiri, n'kumuuza kuti aike AnyDesk kuti amuthandize. AnyDesk payokha ndi pulogalamu yabwinobwino, ife timaigwiritsa kuntchito, monganso TeamViewer, koma ukapereka nambala yake kwa mlendo n'kuvomera, ndiye kuti wamupatsa mbewa ndi kiyibodi yako. Munthu uja anatsegula Event Viewer n'kumuonetsa mizere yofiira ndi yachikasu, akuti onani mmene zaonongekera. Mizere imeneyo imapezeka mu Windows iliyonse, ngakhale yabwinobwino. Kenako anati lowani mu akaunti yanu ya kubanki tione ngati mbava sizinafikemo. Bamboyo analowa, iwo akuonerera. Ndalama zimene amasungira zomalizira nyumba kumudzi zinapita usiku womwewo. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa ndikudziwa mmene anavutikira kuti azipeze.

Nachisale_Manchester: Pepani kwambiri achimwene. Kunonso n'chimodzimodzi, makamaka kwa okalamba amene timawasamalira. Amene muli ku UK, mukakayika ingodulani foniyo muimbe 159, imakulumikizani ndi banki yanu. Kumudzi imbani nambala imene ili kuseri kwa khadi lanu kapena pitani ku nthambi, atseke khadilo nthawi yomweyo. Chimene ndaona ine n'chakuti anthu amachedwa chifukwa cha manyazi. Amakhala nazo mumtima mpaka mawa, pamene banki ikanatha kuimitsa zina. Ndiponso akakubera kamodzi amaimbanso, ulendo uno akuti tikufuna kukubwezerani ndalama zanu. Ndi omwewo.

Phiri wa ku Area 25: Ndamva malume, mwana ndamuchotsa pa mlandu. Koma nchifukwa chake ine ndikusunga ndalama ndigule MacBook. Kumeneko kulibe zimenezi.

Malume_IT: Gulani ngati thumba likulola a Phiri, koma osati pa chifukwa chimenecho. Mu 2011 kunabuka MacDefender, antivairasi wabodza wa pa Mac, mpaka Apple inatulutsa update yomuchotsa. Tsamba loopseza lija silisankha makina. Ngakhale pa foni limabwera, likuti batire yanu yaonongeka ndi mavairasi, tsitsani pulogalamu yoyeretsa.

Mai_aTwins: Ine yanga ndikuona ngati yapitirira pamenepo. Ndi desktop ya ana. Mulowa pulogalamu ina imene imayamba yokha kompyuta ikangoyaka, intaneti ilipo kapena palibe. Ili ndi chishango chabuluu, imafufuza yokha n'kumati ndigule full version. Task Manager ikangotseguka imatsekekanso. Word nayo ikukana, akuti fayilo ili ndi vairasi. Ana akuti inabwera ataika gemu ina ya pa fulashi ya mnzawo.

Wokonza_Limbe: Eya, iyi ndiye yalowadi m'nyumba. Mafayilo anu mwina ali bwinobwino, pulogalamuyo ikungotsekereza kuti muchite mantha mulipire. Musalipire. Mukalipira mwawapatsa nambala ya khadi, ndipo chinthucho chikhalabe momwemo.

Chotsani intaneti kaye. Pa kompyuta imeneyo musalowenso mu imelo, Facebook kapena banki. Mapasiwedi onse amene munalembapo pamenepo muwasinthe pogwiritsa foni, muyambe ndi wa imelo chifukwa ndi umene umatsegula zina zonse.

Kenako Safe Mode. Ngati ndi Windows 10 kapena 11, gwirani Shift uku mukudina Restart. Pabwera sikirini yabuluu: Troubleshoot, Advanced options, Startup Settings, Restart, kenako dinani 4. Ngati ndi Windows 7, muzidina F8 ikamayaka. Mu Safe Mode Windows imadzuka ndi zofunikira zokha, ndiye zambiri mwa zinthuzi zimakhala zili mtulo. Pitani pa mndandanda wa mapulogalamu, muwasanje potengera tsiku loikidwa, muchotse gemuyo ndi zonse zachilendo zimene zinalowa tsiku limenelo.

Kuchotsa pamenepo sikukwanira, zimasiya mizu. Pezani kompyuta ina yabwino, mutsitse Microsoft Safety Scanner pa tsamba la Microsoft lenileni, ndiponso Malwarebytes ndi AdwCleaner pa tsamba la Malwarebytes. Adiresi muilembe nokha, musadine zotsatsa zimene zimabwera pamwamba mukasaka, chifukwa mbavazi zimagulanso malo amenewo. Safety Scanner imagwira masiku 10 okha kuchokera tsiku lotsitsa, ndiye musadalire yakale ya pa fulashi ya munthu. Ngati wabodzayo akutseka zida zimenezi, pali kapulogalamu kotchedwa RKill ka a BleepingComputer kamene kamamuimitsa kaye. Mukakayendetsa musathimitse kompyuta, pitirizani kufufuza nthawi yomweyo. Pomaliza, mu Windows Security pa Scan options pali offline scan ya Microsoft Defender, antivairasi amene amabwera ndi Windows. Imathimitsa kompyuta n'kufufuza Windows isanadzuke, pamene vairasi sangadziteteze. Imatenga mphindi pafupifupi 15.

Malume_IT: Ndiwonjezere ziwiri zimene anthu amaiwala. Akachoka wabodzayo, nthawi zina intaneti imakana, munthu n'kumaganiza kuti waononga kompyuta. Kawirikawiri amakhala kuti anasintha proxy, njira imene intaneti ya kompyuta imadzera. Lembani proxy pa Start, ngati Use a proxy server yayaka inu musanaiyatse, ithimitseni. Chachiwiri, mu Virus & threat protection pitani pa Manage settings, mutsike mpaka pa Exclusions. Amenewo ndi malo amene Defender wauzidwa kuti asamayang'anemo. Ndinapezapo kompyuta imene drive C yonse inaikidwa mmenemo. Mwini wake amafufuza tsiku ndi tsiku, Defender n'kumati zonse zili bwino, chonsecho anamangidwa m'maso.

Wophunzira_Mzuzu: Zonsezo n'zambiri bwanji. Ine ndikuti kufomata n'kwachidule.

Wokonza_Limbe: Apa pokha ndikugwirizana nawe pang'ono. Ngati wina analowa ndi AnyDesk, kapena mwafufuza ndi zida zonsezi koma chikubwererabe, kapena kompyutayo ndi yolowera kubanki, ine ndimati sungani mafayilo muike Windows mwatsopano. Koma funso ndi lakuti Windows yake iti? Ukafomata ndi ya pa fulashi yongopatsana, kenako n'kuika activator (kapulogalamu kothyolera laisensi), Office yothyola ndi magemu othyola, wabwezeretsa matenda tsiku lomwelo. Malangizo a zinthu zothyolazo amayamba ndi mawu amodzi: thimitsani antivairasi kaye. Taganiza, pulogalamu imene sukudziwa amene anaikonza ikukupempha kuti uchotse mlonda pakhomo. Ndipo ife okonza tili ndi mbali yathu pamenepa. Alipo anzathu amene amathimitsa Defender kuti activator igwire, n'kumubwezera kasitomala makina ali choncho osamuuza. Zimenezi zimandinyansa, chifukwa munthuyo walipira ndalama akukhulupirira kuti watetezedwa.

Wophunzira_Mzuzu: Koma achimwene, Office yeniyeni ndi ndalama zingati? Wophunzira aipeza kuti?

Wokonza_Limbe: Ndikumvetsa, ndalama ndi yovuta. LibreOffice ndi yaulere, imatsegula ndi kusunga mafayilo a Word ndi Excel, ndipo siifuna intaneti. Google Docs iliponso ngati bandulo ikulola. Pa asayimenti zimakwana.

Nambewe: Funso langa ndi la bandulo lomwelo. Ine ndinaimitsa ma update chifukwa amandimalizira data. Ndiye m'malo mwake ndinaika Smadav ndi antivairasi wina waulere, kuphatikiza Defender. Atatu sakukwana?

Malume_IT: Achemwali, kuchuluka si mphamvu. Mukaika antivairasi wina wamkulu, Defender amadzipatula yekha n'kumusiyira ntchito, ndiye ngati winayo salandira zatsopano, mwatsala ndi mlonda amene akudziwa nkhope za mbava zakale zokha. Smadav ndi yeniyeni, ya ku Indonesia, ndipo eni ake amanena okha kuti ndi yongothandizira, makamaka pa mafulashi. Pa kompyuta ya panyumba Defender amene amabwera ndi Windows ndi wokwanira, bola azilandira ma update. A Defender amakhala ang'onoang'ono akamatsika pafupipafupi. Akuluakulu a Windows aja adikireni bandulo ya usiku kapena Wi-Fi ya kuntchito, koma mwezi usathe. Chrome nayo muziilola.

Amene muli pa Windows 7 dziwani kuti Microsoft inasiya kuitumizira zotseka mabowo pa 14 Januwale 2020. Windows 10 nayo thandizo lake lanthawi zonse linatha pa 14 Okutobala 2025, kupatula amene analembetsa ndondomeko yowonjezera ya ESU. Makina oterowo asakhale olowera kubanki.

Nachisale_Manchester: China chimene ndinachita pa laputopu imene ndinatumiza kumudzi: ana ali ndi akaunti yawoyawo ya Standard, pasiwedi ya Administrator ili ndi amayi okha. Gemu ikafuna kulowa imapempha pasiwedi, ndiye mpaka akafunse. Ndinawauzanso kuti chilichonse chofiira chikatuluka, ajambule ndi foni anditumizire pa WhatsApp asanadine. Ndipo PIN ya Airtel Money kapena Mpamba siilembedwa pa tsamba lililonse limene likuti likuchotsa mavairasi.

Mai_aTwins: Safe Mode yatheka, chishango chija sichinadzuke. Ndachotsa gemuyo ndi zina ziwiri za tsiku lomwelo. Zida zija akanditsitsira achimwene anga kuntchito mawa. Koma ndaika fulashi yanga kuti ndisungemo zithunzi, mafoda onse asanduka ma shortcut. Kodi zafufutika?

Wokonza_Limbe: Sizinafufutike mayi, zabisidwa. Ameneyo ndi vairasi wina wa m'mafulashi, ayenera kuti anabwera limodzi ndi gemuyo. Ma shortcut amenewo musadine ngakhale imodzi, mukadina ndiye mwamudzutsa. Fulashiyo ichotseni kaye, mumalize kuyeretsa kompyuta. Ikayera, ibwezereni, muidine ndi batani lakumanja la mbewa musankhe kufufuza ndi Defender. Kenako onani chilembo chake, tinene kuti ndi E. Tsegulani Command Prompt mulembe chonchi:

attrib -h -r -s /s /d E:\*.*

Mafoda enieni aonekanso. Ma shortcut aja afufuteni, pamodzi ndi fayilo iliyonse yachilendo yothera ndi .vbs, .bat kapena .exe. Posunga zinthu zanu tengani zithunzi, makanema ndi zolemba zokha, mapulogalamu asiyeni. Achimwene anuwo muwapatse fulashi ina yopanda kanthu yotengera zidazo, iyi isakalowe mu kompyuta ya kuntchito kwawo. Ndipo mayi ake a mnzawo wa anawo muwauze lero, chifukwa fulashi ija ikuyendabe m'nyumba za anthu.